Dzanja Lamanja la a Kayuni

Kufika ku Chitipa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Inu ana anga mumandiseka kuti ndikapereka moni ndimachedwa kusiya dzanja la munthu. Tadala mpaka anandichenjeza pa ukwati wake kuti ndisakakamire m'manja mwa apongozi ake ngati ndikuwayeza malungo. Sekani ndithu, koma muwerenge kaye mutu uno, chifukwa chizolowezicho ndinachitola ku Chitipa, kumene boma linanditumiza nditangomaliza maphunziro a ukiliniko ofesa. Ife ndi aja anthu amangotitcha adokotala, ndipo sitikana.

Agogo anu ku Ntcheu atamva za Chitipa analira ngati ndikupita kundende. Masiku amenewo munthu akatumizidwa kumeneko anthu ankafunsa kuti walakwira ndani. Ine ndinali ndisanalakwire munthu. Tinakwera basi mpaka ku Karonga, ine ndi mayi anu, kenaka lole ya feteleza yomwe inakwera mapiri ikubuula. Tinafika tili mbuu ndi fumbi, ndipo mphepo ya kumeneko inatilandira potiulutsira denga la bafa usiku woyamba. Mayi anu anati sakhalako mwezi. Pochoka ndi iwo amene analira kuposa ine.

Bwana wanga anali a Gondwe, kiliniko ofesa wamkulu wa kwa Rumphi, munthu wofatsa yemwe asanayankhe funso lililonse ankayamba wapukuta magalasi. Dokotala weniweni wa opareshoni tinkangomuona mwa apo ndi apo akabwera kuchokera ku Lilongwe. Ku fiyeta, chipinda cha opareshoni, kunkalamula Sisitala Nalungwe, mwana wa komweko, wamfupi koma wa mawu omveka kuchokera ku wodi ya amayi mpaka kuchipata. Ndiye ankandimasulira, chifukwa ku Chitipa ukawoloka mtsinje umodzi chilankhulo chasintha. Sabata yanga yoyamba ndinadzicheka chala chamkombaphala ndi kabotolo ka jakisoni, ndipo iye anandisoka ngati thumba la chimanga, akunditukwana m'Chilambya. Kachipsera kake kalipo mpaka lero, kam'kati mwa chala, kosaoneka ndi maso ngati sunauzidwe.

Zosowa zinali zambiri moti tinasiya kuzitcha zosowa. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri kwa fiyeta, akulendewera ngati mawere a mbuzi. Zitsulo tinkawiritsa pa mbaula ya pulayimasi. Dizilo wa jenereta tinkasungira amayi olephera kubereka, choncho opareshoni ina iliyonse tinkapanga m'mawa, tebulo titalikokera pawindo la kum'mawa. Komatu ndikuuzeni, sindinagwirenso ntchito yokoma ngati imeneyo. Odwala ankabwera ndi nthochi, nyemba, mwina nkhuku, osati kulipira ayi, koma kuti adokotala asaonde. Ndimakusowa kumeneko mpaka lero.

Mvula itangoleka, chaka changa chachitatu

Tsiku lina m'mawa kunalowa bambo wamtali, wa imvi za apo ndi apo, pambuyo pake pali mkazi wake atasenza kamtolo. Ndinatambasula dzanja kuti ndimupatse moni. Iye anandipatsa lamanzere. Kwathu ku Ntcheu kutero n'chipongwe, ndipo ine paunyamata wanga ndinali wapafupi mtima.

"Bambo, dzanja lamanja mwasiya kunyumba?" ndinafunsa motero.

"Mwaghona, adokotala. Pepani chomene," anayankha ndi moni wa kwawo akumwetulira mwamanyazi. "Ili la malyero lili ndi mlendo. Ndiye tabwera naye kuti mumuone."

Anatulutsa dzanjalo m'thumba la jekete. Chikhatho chonse chinali chitatukuka kuyambira pa chala chachikulu mpaka pakati, ngati wafumbata dzira la nkhuku pansi pa khungu. Dzina lawo anali a Kayuni, mlimi wa khofi wa ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, ndipo mkazi wawo anali a Namsongole. Sisitala Nalungwe atasuzumira pakhomo anagwira pakamwa. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti awa ndi a Kayuni aja, oimba ng'oma yaikulu ya mwinoghe, gule wa anthu a ku Misuku. Boma lonse linkawadziwa. Anthu ankati ng'oma yawo imalira mosiyana ndi ya wina aliyense chifukwa cha chotupacho, chimene chinkagunda chikopa ngati kamtsamiro. Ena ankati n'chizimba, ena ankati ndi mphatso ya Mulungu, ndipo a Kayuni eniake sankatsutsa aliyense.

Chinali chitakula pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chosapweteka. Chimene chinawabweretsa n'chakuti zala zitatu, chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, zinali zitayamba kuchita dzanzi. A Namsongole ndiwo anafotokoza, Sisitala akumasulira. Anati bamboyu wayamba kuthyola khofi wosapsa pamodzi ndi wakupsa chifukwa zala sizikumva, ndipo sabata yatha anatola khala la moto n'kuzindikira atamva fungo.

Kumpoto kuja ukamva za dzanzi m'zala umayamba waganiza khate. Ndinawavula malaya, ndinafufuza mawanga thupi lonse, ndinapapasa mitsempha ya m'zigongono, koma khate panalibe. Chotupacho chinali chofewa, chosatentha, chosagunda ngati mtsempha wa magazi. Ndinalasa singano kuti mwina mutuluka mafinya kapena madzi, koma simunatuluke kanthu. Chilichonse chinkaloza ku chotupa cha mafuta. Zotupa zamtunduwu ndinali nditachotsapo zambiri pamsana, paphewa, pakhosi kumbuyoku, ndipo ndi opareshoni yomwe umapanga ukucheza. Koma m'chikhatho ndinali ndisanachionepo. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi mnofu wa patsinde pa chala chachikulu, womwe unali utayamba kuphwa. Ndinawatsinzinitsa n'kuwakhudza nsonga za zala ndi thonje, kenaka ndi kansonga ka singano. Sanamve kanthu, ankangodikira kuti ndiyambe.

Madzulo ake ndinalankhula ndi dokotala wa opareshoni uja pa wailesi ya mauthenga, mawu akuduka ngati munthu ali m'mphepo. Anati mafuta amamera paliponse pamene afuna, ndipo m'chikhatho mulibe malo, choncho chotupacho chikufinya mtsempha umene umapangitsa zala kumva. Anati iye ku Chitipa safika mpaka chilimwe, ndipo galimoto yathu anali akudziwa kuti ili pamiyala, matayala kulibe.

"Ngati mnofu wayamba kuphwa, musadikire," anatero. "Munandithandizapo opareshoni za dzanja kusukulu. Chekani motsata mzere wa m'chikhatho. Musakoke kanthu musanauone mtsemphawo ndi maso anu."

Mwezi wa Meyi, chaka chomwecho

Nkhani ku Chitipa inkayenda kuposa lole. Patangopita masiku ochepa a tcheyamani a chipani m'boma lathu anatulukira ku ofesi ya a Gondwe, ndipo ndinaitanidwa. Inu mwazolowera zipani zili mbwee, simungamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo tcheyamani akalowa, ngakhale mpando unkaimirira. Anandifunsa kaye khadi la chipani, ndinawaonetsa. Kenaka anafotokoza kuti gulu la mwinoghe lasankhidwa kukavina pamaso pa mtsogoleri wa dziko pa chikondwerero cha mu Julaye, ndipo liyamba kukonzekera tsiku ndi tsiku.

"Munthu wakhala nacho zaka zonsezi," anatero a tcheyamani. "Miyezi iwiri yokha ingamuphe? Mudzamucheke tikabwerako. Ngati mukufuna, mudzamucheke manja onse."

"Sichiwapha, bwana," ndinayankha. "Koma akamenya ng'oma tsiku ndi tsiku mpaka Julaye, mtsemphawo ufa. Ukafa suuka. Dzanja lidzakhalapo, koma ngati la chidole."

"Ndiye mukuti boma la Chitipa likachite manyazi chifukwa cha zala zitatu?"

Iwo anaimirira, anavala chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti anthu a kumwera mukabwera kuno mumaiwala amene anakutumani. Lero ndikakumbukira sindiwada ayi. Nawonso anali ndi wowafunsa kumtunda, ndipo m'maso mwawo ndinaonamo mantha omwewo amene ndinali nawo ine.

Atatuluka, a Gondwe anapukuta magalasi nthawi yaitali kuposa masiku onse. "Mphwanga," anatero, "khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine sindikuletsa, komanso sindikutuma. Ukacheka n'kulakwitsa, adzati unapundula woimba ng'oma wa boma mwadala. Ukacheka bwino, adzati unamulepheretsa ulendo. Uli ndi mkazi woyembekezera." Ananena zoona, mimbayo inali ya iwe Tadala.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi anu zonse, ndikuyembekezera kuti andiletsa, ndipo kunena zoona ndinkafuna andiletse. Iwo anapitiriza kusankha nyemba m'lichero. Kenaka anafunsa kuti, "Dzanjalo ndi la a tcheyamani?" Ndinati ayi. "Ndi lanu?" Ndinati ayi. "Nanga bwanji nonsenu mukukambirana ngati mwini wake anamwalira?"

M'mawa mwake ndinawapeza a Kayuni akuothera dzuwa kuseri kwa wodi, a Namsongole ali pambali. Ndinawauza zonse popanda kubisa. Ndinati ndikachotsa, ulendo wa Julaye wawaphonya. Ndinati kumva kutha kubwerera, kutha osabwerera, ndipo opareshoni ya m'chikhatho yotere ndinali ndisanaipangepo ndekha. Ndinati za kalilidwe ka ng'oma sindingalonjeze kanthu, chifukwa kusukulu sanatiphunzitse.

Anasisita chotupacho ndi chala cha kumanzere, ngati munthu wosisita mutu wa mwana. A Namsongole anayamba kulankhula mwaukali m'chilankhulo chawo, koma a Kayuni anawakwezera dzanja mofatsa.

"Adokotala, ine mtsogoleri sindinamuonepo," anatero. "Ndinafuna chomene kuti ndikamuimbire. Kweni ndikuuzeni chimene sindinauze munthu. Ng'oma siimbidwa ndi makutu yayi. Chikopa chimakuuza m'dzanja kuti chalimba, chafewa, chikufuna moto. Chaka chino ng'oma yanga ndikuimva ngati akuimba munthu wina kutsidya. Anthu akuvina, akusekerera, ine ndili ndekha." Anandiyang'ana. "Mlendo wakhalitsa. Muperekezeni."

Tsiku la opareshoni

Tinadikira dzuwa lifike pawindo. A Gondwe, omwe anati sakundituma, ndinawapeza ali kale m'fiyeta atasamba m'manja, akuti angodutsa. Ndiwo anawagoneka a Kayuni ndi jakisoni n'kukhala kumutu. Sisitala Nalungwe anamanga lamba wopimira magazi pamkono n'kumupopa kuti magazi asatseke njira, ndipo anandiuza kuti ndikachedwa adzandikumbutsa ndi chigongono.

Nditacheka khungu ndi kansalu kolimba ka pansi pake, chinthucho chinatumphuka chokha, chachikasu, chonyezimira, ngati mafuta a nkhuku yonona. Mtima unakhala pansi pang'ono poona kuti sindinalakwitse dzina la matenda. Koma sichinali chobulungira bwinobwino ngati za pamsana zija. Chinali ndi nthambi zolowa pakati pa mitsempha yokokera zala, ina mpaka kumunsi kwa chala chachikulu. Manja anandiyabwa kuti ndingokoka, koma ndinakumbukira mawu a pa wailesi aja. Ndinafufuza pang'onopang'ono ndi nsonga ya sizasi mpaka ndinauona mtsempha womvera uja. Unali utakwera pamwamba pa chotupacho, utaphwatalala n'kuyera ngati luzi lonyowa, pamalo pomwe mpeni wanga ukanadutsa ndikanafulumira. Thukuta linanditsika mpaka m'mabuti.

"Pumani kaye, adokotala," anatero Sisitala, ndipo aka kanali koyamba kundilankhula mofatsa.

Ndinaunyamula mtsemphawo ndi kalamba kodula ku golovesi yakale, Sisitala anagwira, ine n'kumasenda mafutawo nthambi ndi nthambi. Kanthambi kakang'ono kopita ku mnofu wa chala chachikulu kanandivuta kwambiri, moti chigongono cha Sisitala chinandipeza kawiri. Pomaliza chinatuluka chathunthu n'kugwera m'mbale. Titamasula lamba, zala zinafiira bwinobwino. A Gondwe anavula magalasi, anawayang'ana, n'kuwavalanso osapukuta.

A Kayuni atadzuka anapempha kumuona mlendo wawo. Anamuyang'ana m'mbalemo kwa kanthawi n'kupukusa mutu. "Zaka zonsezi anthu akundiopa chifukwa cha mafuta a nkhuku?" Wodi yonse inafa nacho chiseko. Ndinawauza kuti agwedeze chala chachikulu, chinagwedezeka. Ndinawakhudza ndi thonje, sanamve kanthu. Ndinawauza kuti mtsempha umachira mochedwa, adikire. Anabwerera ku Misuku titachotsa ulusi, dzanja litakolekedwa m'khosi ndi nsalu, ndipo potsazikana anandipatsabe lamanzere.

Chilimwe, chaka chomwecho

Gulu la mwinoghe linapita ndi mng'ono wawo wa a Kayuni pa ng'oma yaikulu. Amene anapita anati anavina bwino ndithu, koma ena anati ng'omayo inalibe mchere. A tcheyamani anasiya kundiyankha moni. Ndinaitanidwa kangapo kukafunsidwa mafunso ndi anthu omwe sanandiuze maina awo, ndipo a Gondwe ankandiperekeza mpaka pakhomo n'kukhala pabenchi kundidikira. Anzathu ena anasiya kubwera kunyumba kudzamwa tiyi. Iwe Tadala unabadwa mkati mwa zimenezi, ndipo Sisitala Nalungwe ndiye anakulandira. Kumangidwa sindinamangidwe, mwina chifukwa dokotala wa ku Lilongwe uja atabwera anauza akuluakulu kuti anandilamula ndiye. Koma kutentha kutafika pachimake kunabwera uthenga woti ndasamutsidwira ku Nsanje. A Gondwe anati boma laona kuti ndazizidwa mokwanira.

Chimene chinkandiwawa sikusamukako ayi. Kuchokera ku Misuku kunalibe mawu alionse. Ndinkafunsa aliyense wochokera kumapiriko, wina n'kuti a Kayuni anasiya ng'oma, wina n'kuti dzanja linauma. Ndinayamba kuganiza kuti ndataya malo amene ndinkawakonda, ndavutitsa mayi anu ndi khanda, ndiponso ndamulanda munthu ng'oma yake, zonsezo pachabe.

Tsiku lonyamuka lole inaima pakhomo m'mawa. Tinakweza bedi, mipando, mbaula ndi nkhuku zomwe anthu anatipatsa, zochuluka kuposa katundu amene tinabwera naye. Mayi anu anali kulira atakumbatirana ndi Sisitala. Dalaivala anali ataliza kale injini pamene ndinaona anthu awiri akubwera mumsewu wafumbi uja, wamtali patsogolo, wosenza kamtolo pambuyo. Anali atamva kwa wogula khofi kuti adokotala a ku Ntcheu akuchotsedwa, ndipo anatsika mapiri wapansi, kugona panjira.

"Mwaghona, adokotala," anatero a Kayuni, akupuma mwawefuwefu.

Ndinafuna kufunsa mafunso onse nthawi imodzi. "Ng'oma bwanji, bambo?"

"Ng'oma yasintha," anayankha. "Anthu akuti siili ngati kale. Mawu aja anapita ndi mlendo." Mtima wanga unagwa. A Namsongole anatula kamtolo kaja, kanali ka khofi wokazinga kale, n'kunena mawu omwe Sisitala anamasulira akupukuta misozi, akuti yense uyu a Kayuni athyola okha ndipo mulibe wosapsa.

Kenaka a Kayuni anatulutsa dzanja m'thumba la jekete, lamanja, n'kunditambasulira. Chikhatho chinali chitaphwa, mzere wa mpeni wanga utasanduka umodzi mwa mizere yake. Ndinaligwira. Sanandisiye. Dalaivala analiza hutala, iwo osasiya. Anatsinzina ngati tsiku lija ndinkawayeza ndi thonje, ndipo ndinamva chala chawo chachikulu chikuyenda pang'onopang'ono m'kati mwa chala changa chamkombaphala, n'kuima.

"Adokotala," anatero, maso ali chitsinzinire, "apa muli ndi kachipsera. Anakusokani ndani moipa chonchi?"

Sisitala Nalungwe anakuwa kuti ndi iyeyo, ndipo ndikadzabweranso adzandisoka moipa kuposa pamenepo. Anthu onse anaseka. Ine sindinathe kuseka, ndinangoima pamenepo ndikulira pamaso pa dalaivala ndi nkhuku zanga, dzanja langa lili m'dzanja lawo.

Ku Chitipa sindinabwerereko, ndipo a Kayuni sindinawaonenso. Khofi uja tinamwa pang'onopang'ono ku Nsanje, m'kutentha kosayenera khofi, mpaka anatha. Ndiye mukadzaona bambo anu akuchedwa m'dzanja la mlendo, musadzawakoke malaya. Asiyeni amve.